Yunike ndi Mwala Wosataya Mchenga

Yunike anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala kufupi ndi Uliwa, m'boma la Karonga. Nyumba yawo inali kumtunda kwa msewu. Yunike anali ndi vuto limodzi. Vutolo analibisa kuseri kwa nkhokwe.

Unali mwala. Mwalawo unali wosweka pakati.

Sunali mwala wamba. Unali mwanamphero wa amayi ake. Mphero ndi mwala waukulu woperapo ufa. Umakhala pansi. Mwanamphero ndi mwala waung'ono. Umakhala m'manja. Wina pansi, wina m'manja, mawere pakati. Ufa umatuluka choncho.

Amayi a Yunike anali a Eliness. Iwo anabadwira kumapiri a ku Nthalire. Mwanamphero anachoka naye komweko pokwatiwa. Anthu a pa Uliwa ankadya mpunga, chinangwa ndi chimanga. Ankasinja mumtondo. Mphero inali pakhomo pa a Eliness pokha.

Mwezi umenewo amayi kunalibe. Anapita kuchipatala ku Chilumba kukadikira mwana. Abambo, a Manase, anapita nawo. Yunike anatsala ndi mlongo wa abambo ake, a Febby. Iye ankawaitana kuti ankhazi, monga amachitira ana onse a kumeneko.

Mwala unasweka chonchi. Tsiku lina Yunike ankaphika mbatata. Fuwa limodzi linali lalifupi. Mphika unkapendekeka. Yunike anatenga mwanamphero nachirikiza mphikawo. Moto unayaka. Mwala unatentha kwambiri. Kenako madzi a mumphika anasefukira pamwalapo. Mwala unalira kamodzi, nusweka pakati.

Yunike anaubisa. Sanauze munthu.

Lachinayi m'mawa kunabwera munthu panjinga. Anabweretsa uthenga wochokera ku Chilumba. Mwana wabadwa, ndipo ndi wamkazi. Amayi ali bwino. Afika mawa pa basi ya masana.

Ankhazi anaimba nthungululu. Yunike anavina pabwalo. Nkhuku zinathawa.

Atatha kukondwa, ankhazi analowa m'nyumba. Anatuluka ndi nsengwa ya mawere. Anati mayi wongochira kumene amamwa phala la mawere. Phalalo limabweza mphamvu m'thupi. Amayi anasunga mawere amenewa miyezi itatu, kudikira tsiku limeneli. Mawerewo anali ochepa. Anali mbale ziwiri zokha.

Ankhazi anagwada pamphero. Anafuna mwanamphero. Anafuna kumanja. Anafuna kumanzere. Anafuna pansi pa lichero. Sanamupeze.

Yunike anapita kuseri kwa nkhokwe. Anabwera ndi zidutswa ziwiri. Anagwada, naziika pansi. Anafotokoza za mbatata, za fuwa ndi za madzi.

Ankhazi anayang'ana zidutswazo. Anayang'ananso Yunike.

"Iwe Yunike," anatero, "mbatata zinakuchepera? Unafuna udyenso mwala wowotcha?"

Yunike sanaseke. Anafunsa ngati angapite ndi mawere kuchigayo. Ankhazi anati chigayo chinafa kale, chikudikira chitsulo chochokera ku Blantyre. Anafunsa ngati angasinje mumtondo. Ankhazi anati mawere ndi aang'ono, amathawa munsi. Ufa wake sukhala wosalala.

Ankhazi anali ndi ntchito ina. Mpunga wa kudimba unali ukucha. Mbalame zinali zambiri. Anamanga mpango kumutu, nanyamuka.

"Ankhazi," anatero Yunike, "ndikapeza mwala wina."

Ankhazi anati ayese.

Chaka chimenecho anthu ankakonza msewu waukulu wa ku Karonga. Makina anali atadula chitunda pakati. Miyala inali mbwee m'mbali mwa msewu. Inali miyala yofiira.

Yunike anatsikira kumeneko. Anatola mwala umodzi. Unali waukulu kwambiri. Anatola wina. Unali waung'ono kwambiri. Anatola wachitatu. Umenewu unali ngati wa amayi. Msinkhu wake unali womwewo. Unali wokhakhala bwino. Unkakwana m'manja awiri.

Yunike anathamanga nawo kunyumba. Anautsuka. Anauyanika padzuwa.

Masana ankhazi anabwera kuchokera kudimba. Anautenga mwalawo, nautembenuza. Anati ukuoneka bwino. Anathira mbale imodzi ya mawere pamphero. Anayamba kupera. Kutsogolo, kumbuyo. Kutsogolo, kumbuyo.

Ufa unatuluka msanga. Unali wofiirira. Koma ufa wa mawere umakhala wofiirira ndithu. Palibe amene anadabwa. Ankhazi anapera mbale yonse. Anati mwala uwu ndi wachangu kuposa wakale.

Kenako anatapa ufa pang'ono. Anauika pakamwa. Anatafuna.

Kukutu.

Yunike naye anatapa. Anatafuna.

Kukutu.

Mu ufa munali mchenga. Munali mchenga wambiri. Ankhazi anasefa ufawo. Mchenga unadutsa m'sefa pamodzi ndi ufa. Anapeta m'lichero. Mchenga sunachoke. Potsiriza anathira ufa wonse pansi. Nkhuku zinabwera.

Mawere anatsala mbale imodzi.

Ankhazi anaika mbaleyo pamwamba, pafupi ndi denga. Anati mawere amenewo sawaikanso pansi pa mwala wachilendo. Anati amayi adzamwa phala la chimanga basi. La mawere adzamwa chaka chamawa.

Yunike anayang'ana nkhuku zikudya. Kenako anayang'ana mwala wofiira uja. Unali utachepa pang'ono.

Yunike anali ndi amalume ake, a Chakufwa. Iye ankawaitana kuti asibweni. Anali mlongo wa amayi ake, ndipo nawonso anakulira kumapiri. Ntchito yawo inali yokumba zitsime. Masiku amenewo ankakumba chitsime pasukulu. Sukulu inali yotseka. Inali nthawi ya chilimwe.

Yunike anatenga mwala wofiira. Anatenganso chidutswa chimodzi cha mwala wa amayi. Anakulunga zonse pansalu. Anapempha chilolezo kwa ankhazi, nanyamuka.

Pasukulu panali milu ya dothi ndi miyala. Pakati panali dzenje lakuya. Yunike anagwada patali pang'ono.

"Odi kumeneko, asibweni."

Mawu anachokera pansi. Anafunsa ngati ndi mvula ikuodira. Yunike anati ndi iye. Posachedwa chingwe chinagwedezeka. Panatuluka chipewa. Panatuluka mutu. Panatuluka a Chakufwa onse, ali mbuu ndi fumbi.

Yunike anawauza za mwana. Iwo anakondwa kwambiri. Anawauzanso za mwala, za mchenga ndi za mbale imodzi yotsala. Apa sanakondwe, komanso sanakalipe. Anakhala pansi. Anati aone miyalayo.

Anayamba ndi wofiira. Anauza Yunike kuti atambasule dzanja. Anakhutiza mwalawo pa mwala unzake, pamwamba pa dzanjalo. M'dzanja munagwa timchenga. Anakhutizanso. Munagwa timchenga tambiri.

A Chakufwa anati uwu ndi mwala wa mchenga. Kalekale unali mchenga wa pansi pa madzi. Mchengawo unagwirana, nukhala mwala. Ukaukhutiza, umabwerera kukhala mchenga. Ndi wabwino kunolera mpeni. Ndi wabwino kunolera nkhwangwa. Koma si wa ufa.

"Unausankha bwanji, mwana wa mlongo wanga?"

"Ndinauyang'ana," anatero Yunike. "Unkafanana ndi wa amama."

"Kunja kokha. Maso aona. Nanga manja anafunsa?"

Yunike anati sankadziwa kuti mwala amaufunsa. A Chakufwa anati iwo amafunsa miyala tsiku lililonse. Akapanda kufunsa, chitsime chikhoza kuwagwera.

Anatola mwala pa mulu wawo. Unali wotuwa ngati phulusa. Anachotsa msomali pachipewa, naupereka kwa Yunike. Anati akande. Yunike anakanda. Msomali unalowa. Unasiya mzere woyera.

Kuseri kwa kalasi kunali mtengo wa mandimu. A Chakufwa anamutuma ndimu limodzi. Analidula ndi mpeni. Anafinyira madzi ake pamzere uja. Anati aike maso pafupi. Yunike anaona tithovu ting'onoting'ono. Anaika khutu. Mwala unkalira pang'onopang'ono, ngati nsomba m'mafuta.

A Chakufwa anati uwu ndi mwala wa laimu. Anthu amauwotcha pamoto waukulu. Ukapsa, amausungunula m'madzi. Ndiye laimu wopaka makoma a sukulu uja. Koma ndi wofewa. Pamphero ungathe msanga. Phala lake lingamveke choko.

Kenako anatenga chidutswa cha mwala wa amayi. Anachigwira nthawi yaitali. Anati akuukumbukira mwala umenewu. Anautola mumtsinje wa kwawo ndi amayi awo.

Anatembenuza chidutswacho. Anaonetsa Yunike mbali yosweka. Anati awerenge mitundu.

Yunike anayang'anitsitsa. Kunja mwalawo unali wotuwa. M'kati unali wina. Munali timadontho toyera ngati mchere. Munali timadontho tofiirira. Munali timadontho takuda, tonyezimira.

"Itatu," anatero Yunike.

Anakhutiza. Mchenga sunagwe. Anakanda ndi msomali. Panaoneka kamzere kotuwa. Anapukuta ndi chala, kamzere kanachoka. Msomali ndi umene unatha, osati mwala. Anafinyira ndimu. Panalibe thovu.

A Chakufwa anati uwu ndi mwala wamawanga. Anthu okonza msewu amautcha gulanaiti. Anati m'chitsime mwawo mulibe. Pamsewu paja palibenso. Umachokera kumapiri a Nyika. Mtsinje ndi umene umaugubuduza mpaka kuno.

Anamuphunzitsa funso lina limodzi. Anati augogode mwala ndi mwala unzake, amve kulira kwake. Wamoyo umati nge. Wowola umati phu.

Anamuuzanso kuti mwala wa mumtsinje umakhala woterera. Umafunika kuugogoda ndi nsangalabwi mbali imodzi, kuti ugwire mawere. Ndipo poyamba asapere mawere. Ayambe wapera gaga.

Yunike anafunsa ngati angapite naye kumtsinje. A Chakufwa anati sangathe. Sukulu itsegula Lolemba. Chitsime sichingakhale chapululu ana akubwera. Anamupatsa msomali uja. Anamupatsanso theka la ndimu.

"Unene mafunso aja ndimve."

"Ukutaya mchenga? Ukukandika? Ukuchita thovu? Ukulira bwanji?"

"Nanga mitundu?"

"Itatu."

"Pita. Ukampatse moni mlendo wathu."

Yunike anathokoza, nati yewo. A Chakufwa anavala chipewa, natsikanso m'dzenje.

Lachisanu m'mawa Yunike anapita ndi ankhazi kudimba. Dimbalo linali m'mbali mwa mtsinje. Ankhazi anati asapite patali. Anati azimuona nthawi zonse. Iwo anayamba kuimba chitini, kupirikitsa mbalame.

Madzi a mumtsinje anali ochepa. Miyala inali yambirimbiri. Yaikulu, yaing'ono, yoyera, yakuda. Yunike anali ndi msomali, ndimu ndi chidutswa cha mwala wa amayi.

Woyamba kumukopa unali wonyezimira. Unkawala ngati ndalama yatsopano. Yunike anaukanda. Unasendeka timapepala topyapyala, ngati mamba a nsomba. Zala zake zinayamba kunyezimira. Unali wokongola. Koma unakandika. Yunike anausiya.

Anatola wotuwa. Anakanda, msomali unalowa. Anafinyira ndimu, panatuluka thovu. Ameneyu ndi laimu. Anausiya.

Anatola wofiira. Sanavutike n'kukanda. Anangoukhutiza kamodzi. Mchenga unagwa.

"Iwe ndikukudziwa," anatero Yunike. Anauponya m'madzi.

Kenako anaona mwala woyera. Unali woyera ngati dzira. Unali nsangalabwi yaikulu, yokwana m'manja awiri. Yunike anaufunsa mafunso onse. Sunataye mchenga. Sunakandike. Sunachite thovu. Anaugogoda, unati nge.

Anaunyamula. Anayamba kupita kwa ankhazi. Anayenda mapazi khumi, naima.

Anawerenga mitundu. Unali umodzi.

Yunike anakhala pansi. Anapulula njere za udzu. Anaziika pa mwala wathyathyathya. Anayesa kupera ndi nsangalabwiyo. Njere zinathawa. Mwala unangoterera. Anaugogoda mwamphamvu kuti ukhakhale. Panathothoka kachidutswa kakuthwa ngati galasi. Yunike anaganiza za kachidutswa kotero m'phala la amayi. Anausiya mwala woyerawo.

Anangotola kansangalabwi kakang'ono, kogogodera. Anakamanga pansalu.

Dzuwa linakwera. Mchenga unayamba kuwotcha mapazi. Ankhazi anafuula kuti nthawi ikutha. Yunike anati watsala pang'ono.

Pansi pa gombe, pouma, panali mwala wotuwa. Yunike anaupukuta. Anaona toyera. Anaona tofiirira. Anaona takuda. Mitundu itatu. Anauika pafupi ndi chidutswa cha amayi. Inkafanana.

Yunike anafuna kuthamanga nawo. Koma anakumbukira dzulo. Anatenga kansangalabwi kaja. Anagogoda.

Phu.

Anagogodanso.

Phu.

Mbali imodzi inanyenyeka ngati chigumu. Unali mwala wamawanga ndithu. Koma unali wowola. Unakhalitsa padzuwa ndi pamvula.

Yunike anakhala pagombe. Ndimu linali litauma. Khosi linali litauma. Kumsewu kunadutsa lole, ndipo iye anayesa ndi basi. Anaganiza zongobwerera kunyumba. Phala la chimanga nalonso ndi phala.

Koma mawere aja amayi anawasunga miyezi itatu.

Yunike anayang'ana mwala wowola uja. Anayang'ananso mtsinje. Anaganiza kuti mwala wofooka sungakhale pamene madzi amathamanga. Madzi angauphwanye. Pamenepo pamatsala olimba okha.

Anakweza diresi. Analowa m'madzi. Madzi analekeza m'mawondo. Anali ozizira. M'madzi miyala inkaonetsa mitundu yake bwinobwino. Sanafunike kuiswa kuti aone m'kati.

Anaona umodzi wamawanga. Unali waukulu ngati mtondo. Anaona wina. Unali waung'ono ngati mango. Anafufuza ndi phazi. Anafufuza ndi manja. Pafupi ndi thanthwe anakhudza wina. Anaukoka. Unakana. Anakumba mchenga m'mbali mwake. Anaukokanso. Unatuluka.

Yunike anapita nawo pamtunda. Anawerenga mitundu. Toyera, tofiirira, takuda.

Anaukhutiza. Mchenga sunagwe.

Anaukanda. Msomali unaterera.

Anafinya ndimu ndi manja awiri. Panagwa dontho limodzi. Panalibe thovu.

Anagogoda.

Nge.

Anautembenuza. Anagogoda mbali inayo.

Nge.

Yunike anapinda nsalu, napanga nkhata. Anasenza mwalawo pamutu. Unali wolemera. Khosi linalowa m'mapewa. Ankhazi anamuona akubwera. Anasiya chitini. Anapempha mayi wa dimba loyandikana kuti awaonereko mbalame. Anati amulandire katunduyo. Yunike anati asenza yekha.

Kunyumba Yunike anakhala pansi pa mtengo wa mango. Anaika mwala pakati pa miyendo. Anayamba kuugogoda ndi kansangalabwi. Go, go, go. Mbali imodzi yokha. Go, go, go. Pankatuluka timaenje ting'onoting'ono. Dzanja linatopa. Anasintha dzanja. Ankhazi anamulandira pang'ono, kenako anamubwezera. Pomaliza mbali ija inali yokhakhala ngati lilime la ng'ombe.

Yunike anautsuka. Anatsukanso mphero. Anapempha ankhazi kuti atsitse mawere.

Ankhazi anakana. Anati dzulo nawo mwala unkaoneka bwino. Anati nkhuku zakhuta kale, sizikufuna mbale yachiwiri.

Yunike sanatsutse. Anakatenga gaga m'dengu. Anathira pamphero. Anagwada, nayamba kupera. Kutsogolo, kumbuyo. Anatapa, natafuna. Munali timiyala pang'ono, totsalira pogogoda paja. Anasesa gagayo. Anathira wina. Anapera. Anatafuna. Timiyala tinachepa. Anasesanso. Anathira wachitatu. Anapera nthawi yaitali. Anatafuna.

Sanamve kanthu.

Anatapa wina, napita nawo kwa ankhazi. Anagwada.

"Ankhazi, musakhulupirire ine. Funsani mano anu."

Ankhazi anatafuna ndi mano akumanja. Anatafuna ndi mano akumanzere. Anayang'ana kumwamba. Kenako analowa m'nyumba. Anatsitsa mbale ija. Sanathire yonse. Anatapa dzanja limodzi lokha.

Anapera. Ufa unatuluka pang'onopang'ono. Unali wosalala. Ankhazi analawa. Yunike analawa. Anayang'anana.

Ankhazi anathira mbale yonse.

Mwala watsopano sunali wachangu. Ankhazi anapera mpaka thukuta. Yunike ankasesera ufa m'lichero. Asanamalize, anamva basi ikuima kumsewu. Ankhazi anati athamange akawalandire. Iwo atsala akupera.

Abambo anatsika ndi katundu. Amayi anatsika pang'onopang'ono. Anali ndi kamtolo ka nsalu pachifuwa. Yunike anapereka moni. Anasuzumira m'nsalumo. Anaona kamphuno ndi timaso totseka. Ananyamula chikwama cha amayi, natsogola.

Amayi anakhala pamphasa, pakhonde. Anali otopa. Anansi anabwera kudzaona mwana. Anaona, nabwerera. Ankhazi anabwera ndi chikho cha phala. Linali lofiirira. Linkanunkhira mawere.

Amayi anauzira. Anamwa pang'ono. Yunike ankayang'ana pakamwa pawo. Amayi anamwanso. Anamwanso. Anamwa mpaka chikho chinatha. Anapuma mpweya wautali. Anati phala limeneli akhala akuliganizira masiku onse kuchipatala.

Pamenepo Yunike anapita kuseri. Anabwera ndi zidutswa ziwiri zija. Anabweranso ndi mwala watsopano. Anagwada pamaso pa amayi. Ananena zonse. Ananena za fuwa. Ananena za kubisa. Ananena za mbale imene inadyedwa ndi nkhuku.

Amayi anatenga zidutswazo. Anazilumikiza. Anazigwira choncho kanthawi.

Kenako amayi anaziika pansi. Anatenga mwala watsopano ndi dzanja limodzi. Unawalemera. Anausisita ndi chala mbali yokhakhala ija.

"Wasankha ndani?"

"Ndine, amama."

"Wekha?"

"Asibweni anandiphunzitsa mafunso. Kumtsinje ndinafunsa ndekha."

Ankhazi anati n'zoona. Anati mwanayu wafunsa miyala yonse ya mumtsinje, yatsala ya mumtsinje wa Songwe yokha. Abambo anaseka.

Amayi anati mwala wakale uja wawapweteka mtima, sangabise. Anati tsiku lina chinthu chikasweka, Yunike anene tsiku lomwelo. Yunike anavomera. Amayi anatinso mwala watsopanowu ndi wabwino. Ndi wolemera kuposa wakale, koma manja adzazolowera.

Anafunsa amene anausenza kuchokera kumtsinje. Ankhazi analoza Yunike.

"Ndiye khala bwino pamphasapa," anatero amayi. "Tambasula miyendo. Ndikufuna ndimwe chikho china."

Yunike anakhala bwino. Anatambasula miyendo. Amayi anaika mwana pamiyendo pake. Anamuonetsa pogwira mutu.

Ankhazi anabwera ndi chikho chachiwiri. Amayi anamwa ndi manja awiri.

Yunike sanagwedezeke. Mwanayo anali wopepuka kuposa mwala uja. Anali wofewa. Anali wofunda. Anatsegula diso limodzi, nayang'ana mkulu wake, nagonanso.